Lipoti la Mdzukulu wa Mtengwa

Munthu wobwera pakhomo panga ndi pepala m'manja sindimuyankha zoona. Khalidwe limeneli ndidaliyamba kalekale ndipo sindidzalisiya. Afika ambiri kuno kumapiri a ku Tsangano, ena pa njinga zamoto, ena atavala malaya a zilembo pachifuwa, onse aulemu, onse ofuna kudziwa kuti m'nyumba timagonamo angati, timadya kangati, chimbudzi chili kuti. Amalemba, nathokoza, napita. Patapita nthawi umangomva kuti mawu ako adakafika kwina atavala zovala zina. N'chifukwa chake m'nkhani ino simupezamo dzina la munthu. Eni ake akudzidziwa.

Chimene sindidaganizepo n'chakuti pepala lidzalowa m'nyumba mwanga osaodira, litanyamulidwa ndi mwana amene ndidamulera ndekha.

Mwanayo ndi mdzukulu wanga wamkazi. Mayi ake amagwira ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe, ndiye timakhala awiriwiri. Chaka chimenecho adali Sitandade 7. Ndimamutchula kuti mkazi mnzanga monga timachitira ndi adzukulu aakazi, ndipo iye amadziwa kuti ndikasiya kumutchula motero ndiye kuti zinthu zaipa.

Kuti mumvetse mkwiyo wanga, muyambe mwadziwa kuti ine sindidabadwire mudzi uno. Kwathu ndi kuchigwa, ku Bwanje, kumene amalima mpunga. Mwambo wa mudzi uno ndi wakuti mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, koma malemu amuna anga adapempha kwa amalume anga kuti anditenge ndidzakhale kwawo. Mkazi wotere amatchedwa mtengwa. Mtengwa amalima, amabereka, amalira maliro a eni mudzi mpaka mawu kuuma, koma dothi limene wapondapo si lake. Ndi la alongo a mwamuna wake ndi ana awo. Mwamuna akamwalira, mtengwa amagona khutu limodzi lili panja.

Kumunsi kwa nyumba yanga kuli dimba, m'mbali mwa kasupe amene saphwa ngakhale m'chilimwe. Ndalilima kuyambira ndili ndi mano onse. Kachewere wa m'dimba limenelo ndiye amatidyetsa, ndiye amaveka mwanayu. Tsono mlamu wanga, mlongo wa malemu, amene amakhala kumtunda kwa mudzi, ali ndi mwana wamwamuna amene adagula pampu yothirira. Munthu akagula pampu maso ake amayamba kufuna madzi. Ndidamuona akuyendayenda m'malire a dimba langa manja ali kumbuyo, akuponda dothi ndi chidendene ngati akuyesa kupsa kwa dzungu. Kenaka adabwera pakhomo, nakhala pansi mwaulemu, nati, "Mayi, sukulu zikatsekera tidzakhale pansi pachibale, tikambirane za dimba lija." Pachibale! Ndidamva bwino lomwe. Amatanthauza kuti nyengo yobzala ikafika, m'dimbamo mudzakhala kabichi wake.

Zinthu zili choncho, tsiku lina mwezi wa Juni ndikutongola chimanga pakhonde, mwana adafika kuchokera kusukulu atatsegula kale kope.

"Agogo, amadamu atipatsa ntchito. Akuti aliyense achite kafukufuku, alembe lipoti."

"Lipoti? Waba ndani?"

"Si la kupolisi, agogo! Tikuyenera kufunsa akuluakulu, tilembe zimene atiuza. Malipoti abwino adzawerengedwa tsiku lotsekera, makolo onse alipo."

"Mufunse chiyani?"

Adawerenga motsindika ngati katekisimu: "Mmene banja lathu lidafikira pamudzi pano."

Chitsononkho chidandipulumuka m'manja. Pa mafunso onse a pansi pano, mphunzitsi ameneyu adasankha limeneli, chaka chimenechi, mwezi umenewu.

"Tidafika ndi miyendo," ndidatero. "Lemba zimenezo."

"Agogo, inunso!"

"Ukawauze amadamu akowo kuti agogo ako ndi ogontha."

Mawa lake adayesanso, ndidamukaniranso. Ndimaganiza kuti atopa. Ndidaiwala kuti liuma lake ndi la kwathu. Madzulo a tsiku linalo adabwera akudumphadumpha, m'manja muli nthochi yopsa.

"Mwakana inu, koma agogo a kumtunda andiuza zonse. Andipatsanso nthochi. Tamverani mmene ndalembera."

Mlamu wanga sapatsa mwana nthochi popanda chifukwa. Ndidasiya zimene ndimachita.

Adawerenga mokondwa, mawu ali pamwamba: "Agogo anga si a mudzi uno. Anatengedwa kuchigwa. Dimba limene amalima ndi la mbumba ya kumtunda. Anangowabwereka chifukwa cha chisoni."

Chifukwa cha chisoni! Ndidatambasula dzanja kuti ndilande kopelo, koma iye adaliponya m'kati mwa diresi nalumphira pabwalo.

"Bwera nalo kuno, iwe mwana!"

"Ayi, mulitentha!"

Adanena zoona, ndikadalitentha. Taganizirani: mawu amenewo atuluke pakamwa pa mdzukulu wanga weniweni, pamaso pa makolo, akomiti ya sukulu ndi nduna za amfumu, masiku ochepa tisanakhale pansi pachibale paja. Pokambiranapo akadangoti, "Mudamva nokha, ngakhale mwana wa m'nyumba mwawo akudziwa." Mlamu wanga adapeza khasu lolimira dimba langa, ndipo mpini wake udali mdzukulu wanga yemwe.

M'mawa mwake ndidamanga mpango n'kupita kusukulu. Sindidalowe msanga. Ndidakhala pansi pa mtengo wa bulugama kudikira nthawi yopuma, ndikumuyang'ana mphunzitsiyo pazenera. Adali mtsikana ndithu, wowonda, juzi yake itayera ndi choko m'zigongono. Ndidakumbuka kuti mwana wa mlamu wanga amakagulitsa kabichi kunyumba za aphunzitsi, ndipo mumtima ndidati, basi, nkhani yake ndi imeneyi.

Ana atatuluka adabwera yekha kudzandipatsa moni.

"Takulandirani, agogo."

"Musandilandire, sindikhalitsa. Wakutumani ndani?"

"Kundituma chiyani, agogo?"

"Kutuma ana kuti azikumba za m'mabanja a eni. Akupatsani kabichi wangati?"

Adandiyang'ana ngati ndayankhula Chipwitikizi. Ndidamufotokozera, osati zonse, zongokwanira kuti aone pamene wapondapo. Nditatha adakhala pansi pa muzu pafupi nane osasamala siketi yake.

"Pepani, agogo. Ine kwathu ndi ku Rumphi. Kwathu mkazi kukhala kwa mwamuna wake si nkhani. Sindinadziwe kuti funso limeneli kuno lili ndi minga. Ngati mukufuna, ndimusinthira mutu. Alembe za ulimi wa kachewere."

Kupepesa kwake kudandikwiyitsa koposa. Ndidabwera kudzamenyana ndi mdani, ndipo ndidapeza munthu amene watentha tchire pofuna kuyatsa fodya. Mdani umadziwa pomugwira, koma wosadziwa umugwira pati?

"Komabe ndikuuzeni," adapitiriza, "zimene walembazo sindikanazilandira. Ndinawauza kuti pakamwa pamodzi si kafukufuku. Afunse anthu angapo. Aliyense amufunse kuti, zimenezi munaziona kapena munazimva? Akamva chinthu chosamveka, afunse kuti chifukwa chiyani. Alembe dzina la amene wanena. Akatha amuwerengere mwini mawuwo kuti avomere kuti ndi akedi. Paja amati safunsa adadya phula."

"Wofunsa naye amadyetsa anzake phula," ndidatero n'kudzuka. Za kusintha mutu ndidati ndikaganiza.

Ndikadavomera pomwepo, koma ine sindivomera chinthu tsiku limene ndachimva. Ndipo zidathandiza, chifukwa pobwerera ndidadzera pamjigo, pamene padali mlamu wanga ndi amayi ena.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Ndamva kuti munapita kusukulu. Mwakalembetsa Sitandade 1?"

Amayi aja adaseka.

"Ndadzuka, kaya inu, alamu."

"Ife tadzuka. Koma mwana wathu uja ndi wanzeru! Walemba mbiri yonse ya mudzi. Tsiku lotsekera tikakhale pamodzi kutsogolo, tikamvere bwino. Kapena mwakawapempha aphunzitsi kuti asawerenge?"

Adandidulira njira. Lipotilo likawerengedwa mmene lidaliri, dimba lapita. Likapanda kuwerengedwa, mudzi wonse udzati mtengwa adathamangira kusukulu kukakwirira choonadi. Ndidasenza mkwiyo wanga mpaka kunyumba ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi.

Mwana atabwera adaima patali, dzanja lili pachifuwa pamene padali kope.

"Bwera, sinditentha. Khala apa. Amadamu ako ndi mwana wosadziwa mudzi, koma pa chinthu chimodzi anena zoona: pakamwa pamodzi sipakwanira. Upitiriza kufunsa."

"Ndiye mundiuze inuyo, agogo."

"Ayi."

"Bwanji nanga?"

"Ndikakuuza ine, adzati gogo wake wamulembera. Komanso ine ndili ndi dimba loti nditeteze. Munthu amene ali ndi chake m'nkhani usamukhulupirire, ngakhale ndine. Agogo ako a kumtunda adakupatsa nthochi. Udadzifunsa kuti nthochiyo imagula chiyani?"

Ndidapitiriza:

"Kafune munthu amene dimba lija likapita uku kapena uku, iye sadyapo kanthu."

Adaganiza, natchula gogo wina wa kutsidya kwa mtsinje, wa banja lina, amene maso adachita khungu koma makutu ndi mutu zili zonse. Gogo ameneyo palibe maliro a mudzi uno amene sadagonepo. Ineyo sindimukonda, amadziwa zambiri. Koma chifukwa chomwecho ndidavomera.

Ndidamuphunzitsa mwanayo zimene amadamu sakadadziwa. Usapite chimanjamanja, tenga kamtolo ka nkhuni. Usatulutse kope ukangofika, chifukwa munthu akaona pepala amayamba kuyankhula Chichewa cha pa wailesi. Khala pansi kuposa iye. Yamba ndi za nyamakazi yake. Akayamba kuyankhula usamudule, ndipo akakhala chete usathamangire kudzaza mpatawo, chifukwa zenizeni zimatuluka pambuyo pa chete. Mwana adamvetsera ngati ndikumuuza za chinamwali. Zidandipweteka kuona kuti zimene moyo udandiphunzitsa ndi zikwapu, iye akuzilemba m'mphepete mwa kope ngati masamu.

Adabwerako dzuwa likupendeka, akuyenda pang'onopang'ono.

"Agogo, kusudzula n'chiyani?"

Ndidadziwa pomwepo zimene gogo wakhungu adamuuza.

"Mwamuna akamwalira, abale ake amamukhazika mkazi pamphasa, namuuza pamaso pa anthu kuti wamasuka, akhoza kubwerera kwawo. Kusudzula n'kumeneko."

"Akuti iwo analipo tsiku lometa maliro a agogo aamuna. Ndinawafunsa kuti munaona kapena munamva, akuti nthawi imeneyo maso anali nawo. Akuti amalume anu anabwera kudzakutengani, katundu wanu anali atamangidwa kale, anthu anadikira mpaka dzuwa kutentha, koma simunasudzulidwe. Ndinawafunsa chifukwa chake, akuti ndikafunse eni ake. Chifukwa chiyani, agogo?"

"Wauzidwa kale kokafunsa."

Iye sindidamuuze, koma inu ndikuuzani. Tsiku limenelo ndidakhala pamphasa mutu uli mpala, mwana wanga ali kumsana, ndikudikira mawu ondimasula. Ndidali wokonzeka kupita. Kwathu munda wanga wa mpunga udalipo. Mlamu wanga ndi abale ake adapita kuseri kwa nkhokwe kukanong'onezana, ndipo pobwera adati nkhaniyi tidzaikamba mtsogolo. M'nyumba mudali apongozi anga, mayi awo, atafa ziwalo mbali imodzi. Mawa lake mlamu wanga adakwera basi kubwerera ku esiteti ku Kasungu kumene amuna ake ankagwira ntchito. Amalume anga adatsika phiri okha. Ine ndidatsala kutembenuza apongozi, kuwasambitsa, kuwachapira zimene sindingalembe pano, kuwamwetsa phala ndi supuni, mpaka mwana amene adali kumsana uja adafika potha kusinja. Pamene tinkawaika apongoziwo, munda wanga wa kuchigwa n'kuti abale anga atagawana kalekale. Mtsogolo muja simudafike. Pamene ankandifuna, ndidali mlamu. Pampu itagulidwa, ndasanduka wobwerekedwa chifukwa cha chisoni.

"Ndikawafunsa agogo a kumtunda," mwana adatero.

"Ukawafunse. Koma munthu ngati ameneyo usamufunse ali yekha. Ali yekha, mawa adzakana. Mawa akusankha kachewere pabwalo pawo, padzakhala amayi aganyu. Ukagwade, ukapereke moni kwa aliyense, ukafunse mwaulemu."

Sindikadamusiya apite yekha. Ndidatenga lichero limene ndidabwereka kumtundako chaka chatha n'kumutsatira chapatali. Pabwalo padali mulu wa kachewere, amayi atazungulira, akupatula wamkulu wa mavenda, wapakati wa mbewu, ndi timisenga todya pakhomo. Mwana wa mlamu wanga ankasoka kukamwa kwa matumba chapambali. Ndidapereka lichero, ndidakhala pansi osaitanidwa, ndidayamba kusankha nawo.

"Eee, lero kugwa mvula," adatero mlamu wanga. "Lichero langa labwerera, ndi ganyu waulere pamwamba!"

Mwana adagwada napereka moni kwa onse.

"Agogo, ndabweranso ndi kafukufuku uja."

"Bwera, mwana wanga, bwera. Amayi inu, uyu ndi loya wathu wa mawa. Funsa, ndikuuze."

"Munati agogo anga si a mudzi uno."

"Eya. Ndi bodza ngati? Alamu, ndanama?"

Ine ndidangotola kachewere wowola n'kumuponya kutali.

"Ndiye agogo a kutsidya akuti tsiku lometa amalume awo anabwera kudzawatenga, koma inu simunawasudzule. Ndimafuna ndidziwe chifukwa chake."

Manja onse adaima pamulu. Singano ya mwana wa mlamu wanga idaima m'thumba.

"Wakutuma ndani funso limenelo?" Maso ake adali pa ine.

"Amadamu anati tikamva chosamveka tizifunsa chifukwa chake."

"Ine ndatsegula pakamwa?" ndidafunsa amayi aja. "Mwandimva?"

"Ayi, inu mukusankha mbatata," adatero mayi wina wa pakamwa posapsa, amene amaseka ngakhale pamaliro. "Tayankhani, mayi, loya wanu akudikira."

Mlamu wanga ndi munthu amene sangalole kuti aoneke wosowa yankho pamaso pa anthu aganyu. Adakweza mawu.

"Funso lachibwana! Tikanawasudzula, mayi athu akanawasamalira ndani? Ine ndinali kubanja ku Kasungu, ndikanasiya amuna anga? Tinawasiya dala kuti aziyang'anira mayi, dimba lija n'kuwapatsa kuti azidya nawo. Cholakwika n'chiyani pamenepo?"

"Amayi!" mwana wake adatero chapansipansi. Koma mawu adali atatuluka.

"Kuwapatsa kapena kuwabwereka?" adafunsa mayi wa pakamwa uja, akupukuta kachewere pachitenje ngati sizikumukhudza.

"Iwe sankha mbatata, ndakulemba ganyu ya pakamwa?"

Mwana ankalemba, kope lili pabondo, lilime lili kunja pang'ono. Atatha adati, "Ndikuwerengereni, agogo, kuti muvomere kuti ndi mawu anu." Ndipo adawerenga zonse, kuyambira dzina lawo, ndi zija za chisoni, mpaka izi za mayi awo ndi dimba.

Mawu ako ukawamva pakamwa pa mwana amakhala ngati wadziona pagalasi usanasukusule. Mlamu wanga nkhope idagwa.

"Zomalizazo fufuta."

"Amadamu anati munthu akabweza mawu ake, tichotse onse, tilembe kuti anatiuza koma anabweza. Sitingasankhe okoma okha."

"Ndiye adzawerenga kuti mayi akuti-akuti anabweza mawu?" adatero mayi wa pakamwa. "Pamaso pa ahedi? Ine tsiku limenelo ndikakhala kutsogolo."

Amayi aja adabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Mwana wa mlamu wanga adati, "Amayi, auzeni achotse zonse, nkhani ithe." Akadamumvera, mwina lero ndikadakhala ndikulemba zina. Koma mlamu wanga adadzuka, namanga chitenje mwamphamvu.

"Ine kubweza mawu? Ndiopa ndani pamudzi pa amayi anga? Lemba zonse! Ulembenso kuti ndanena ndine!"

Mwana adalembadi.

Musaganize kuti ndidabwerera kunyumba ndikuvina. M'lipotimo mudali mudakali mawu aja akuti si a mudzi uno, ndi aja akuti anangowabwereka. Ndidamuuza kuti awachotse.

"Sindingachotse, agogo. Ananena."

"Ndi mawu oipa."

"Inu munati ndisakhulupirire munthu amene ali ndi chake m'nkhani, ngakhale ndinu."

Ukanola mpeni, chala choyamba kutemeka ndi chako.

Tsiku lotsekera kudali nkhungu ndi mphepo ya Julaye imene imalowa mpaka m'mafupa. Makolo tidakhala pabwalo la sukulu titafunda zitenje. Mlamu wanga adakhaladi kutsogolo. Ine ndidakhala kumbuyo chakumbali, pamene ndimatha kuona nkhope za anthu onse ndi njira yotulukira. Ana ena adawerenga zawo: wina za agogo ake amene adabwera ndi ng'ombe, wina za banja limene lidawoloka malire nthawi ya nkhondo. Ndidaona bambo wa mwana ameneyo akuyang'ana pansi mpaka mwana wake adatha, ndipo ndidadziwa kuti si ine ndekha amene funso la amadamu lidamubaya.

Kenaka adaitana wanga. Adaima, miyendo yotuwa ndi mphepo, pepala lili m'manja. Adayamba ndi mawu a mlamu wanga oyamba aja. Si a mudzi uno. Anangowabwereka chifukwa cha chisoni. Mitu idatembenukira kwa ine. Ndidawongola khosi, osaphethira. Ndamva zimenezi zikunong'onedwa moyo wanga wonse, koma kuzimva pabwalo, m'mawu a mwana amene ndimamufunditsa bulangete langa, ndi ululu umene sindidzamukhululukira mphunzitsi uja ngakhale adapepesa.

Adawerenga za gogo wakhungu, za katundu womangidwa ndi amalume amene adatsika phiri okha. Pabwalo padayamba kuzizira mwa mtundu wina. Kenaka adawerenga yankho la mlamu wanga lonse, ndi dzina lake, ndi mawu akuti ndanena ndine. Mkulu wina wa komiti, munthu wa imvi, adayankhula osakweza mawu koma onse adamva: "Ndiye kuti dimbalo adalilipira ndi msana." Amayi angapo adati, "Mmm." Mwana wa mlamu wanga, amene adaima kumbuyo ndi njinga yake, adaikankha n'kuchoka mwakachetechete.

Ndimayesa watha, koma mwana adatembenuza pepala.

"Agogo anga enieni ndinawafunsa katatu koma anakana kuyankha. Poyamba anati tinafika ndi miyendo. Kenaka anati ndi ogontha. Pomaliza anati ndisawakhulupirire."

Bwalo lonse lidaphulika ndi phwete. Ngakhale ahedi adagwira pamimba. Mayi wa pakamwa uja adafuula kuti, "Amenewo ndi iwowo, sanawonjezere!" Ine sindidaseke. Mawu amenewo sadandiwerengere kuti ndivomere. Nditamufunsa kunyumba, adati malamulo a amadamu amanena za anthu amene ayankha, osati amene akana. Loya weniweni.

Sukulu zidatsekera. Ndidadikira kuitanidwa pachibale paja. Tsiku lililonse ndinkasesa pabwalo maso ali kunjira ya kumtunda. Palibe adabwera. Nyengo yobzala itafika ndidatenga khasu ndi mbewu yanga, ine ndi mwana, tidagalauza dimba lonse mpaka m'malire mwenimweni mwa kasupe, pamene mwana wa mlamu wanga ankaponda ndi chidendene paja. Tikupanga mizere ndidamva pampu ikulira kutali, kumadimba a kutsidya, kumene adakabwereka malo kwa anthu ena.

Palibe amene wabwera kudzandiuza kuti dimbali ndi langa. Sadandisudzule, sadandilandire. Mlamu wanga tikakumana pamjigo amapatsa moni ndowa yanga. Ndikudziwa kuti anthu amaiwala, ndipo pampu siiwala madzi. Pepala lija ndidalikulunga m'pulasitiki n'kuliika pamene ndikudziwa ndekha, ine amene ndimadana ndi mapepala.

Pansi pa lipotilo amadamu adalemba ndi cholembera chofiira kuti kafukufuku ndi wabwino, koma mathero palibe, wolemba ayenera kunena maganizo ake. Mwana zidamuwawa. Tikubzala adandifunsa, khasu lili m'manja:

"Agogo, ndikanalemba chiyani pamathero? Kwathu kwenikweni n'kuti, kuno kapena kuchigwa?"

Ndidapsa mtima kachiwiri, osati ndi iye. Mwana ameneyu kale ankangodziwa kuti kwawo ndi kumene amagona. Tsopano ali ndi funso limene ine ndalisenza kuyambira tsiku lometa, ndipo adalitola kusukulu ngati nsabwe.

"Mkazi mnzanga," ndidatero, "wafunsa anthu ambiri, wamva. Amene ali ndi yankho palibe. Ponya mbewuyo m'phando, ukwirire bwino. Uyang'anenso kunjira ya kumtunda, ine msana sukundilola kutembenuka."

Adayang'ana, nati kulibe munthu. Ndidatembenukabe kuti ndione ndekha.